Ndinafula Uchi wa Apongozi

Njuchi zodyetsedwa! Njuchi zoikiridwa chakudya pakamwa ngati odwala a m'chipatala! Ine kubadwa kwanga, kukula kwanga, mpaka imvi mbuu m'mutumu, ndinali ndisanamvepo. Kwathu kumapiri a ku Ntchisi malemu amuna anga ankapachika ming'oma ya makungwa m'mitengo n'kuchokapo, osacheukanso. Njuchi zinkabwera zokha, zinkadya zokha, ndipo nthawi ikakwana tinkapita ndi utsi n'kufula uchi wonse. Zikakwiya zinkasamuka, zina n'kubwera. Maluwa m'thengo sankatha. Ndiye munthu wokula choncho mumutenge, mumuike ku Wigston, pafupi ndi Leicester kuno kwa azungu, mumusiyire ming'oma iwiri, osamuuza kanthu. Mukuyembekeza chiyani?

Ndinabwera kuno mwana wanga wamkazi atabereka mapasa. Iye ndi nesi, mwamuna wake nayenso ndi nesi, onse a mashifiti, wina akamalowa wina akutuluka, kupatsana moni pakhomo ngati anthu okumana pa depoti. Mapasa atayamba sukulu ya mkaka ndinatsala ndi masana aatali, manja ali lende. Mkamwini wangayo, apongozi anga, ali ndi kadimba kobwereka kumapeto kwa msewu wathu. Akuno amati alotimenti: malo ogawidwa timinda timinda, aliyense ndi kashedi kake ndi mgolo wa madzi a mvula. Ena amadzala anyezi, ena mbatata ya kachewere. Apongozi anga anadzala mpiru ndi maungu okana kubala, ndipo pakona, pafupi ndi mpanda wa minga, anaika ming'oma yawo iwiri. Si ya makungwa ayi, ndi mabokosi a matabwa osanjikizana ngati masutikesi. Munthu wofatsa uja, woyankhula ngati akuopa kudzutsa khanda, akafika pa njuchi zake nkhope imawala. Mwana wanga anandiuza kuti n'kumene amakatula za kuwodi, za odwala amene amatsirizikira m'manja mwawo.

Tsono mumve za ine ndi iwo. Ife tinaleredwa kuti mpongozi ndi munthu woopedwa. Sumuyang'ana m'maso, sudya naye pamodzi, mukakumana panjira wina amapatuka. Apongozi anga nawonso ndi akumudzi, a ku Dedza, ndipo sukulu sinawachotse ulemu. Koma nyumba zakuno, abale! Masitepe ake a munthu mmodzi, khitchini yake ukatembenuka mwagundana. Ndikamva mapazi awo akutsika, ine kubwerera m'chipinda. Iwo akandipeza pa sinki ankaima pakhomo, kuyang'ana firiji, n'kupereka moni kwa firijiyo: "Mwadzuka bwanji, amayi?" Ine kuyankha ndikuyang'ana mpopi. Nkhani yeniyeni inkadutsa mwa mwana wanga. Iwo amuuze iye, iye andiuze ine. Ndipo mwana wangayo akaweruka ku shifiti yake yaitali, mawu khumi ankafika atatu.

Chaka china, kumapeto kwa Seputembala, bambo awo a apongozi anadwala kwambiri kumudzi, ndipo iwo anakwera ndege mwadzidzidzi. Asananyamuke ndinawamva m'chipinda chochezera akumufotokozera mkazi wawo za njuchi, nthawi yaitali, mawu apansipansi. Iye ankangoti "okhe, okhe," maso ali pafoni kuwafunira tikiti. Atapita ndinamufunsa.

"Bambo a mapasa anati chiyani za njuchi zija?"

"Angoti muzikazionako, amayi. Muziziyang'anira."

"Zomwezo?"

"Zomwezo. Amayi, ndaleta, ndithamange."

Kuyang'anira. Chabwino. Ine ndikayang'anira chinthu ndimayang'anira ndi manja awiri.

Tsiku lina la Okutobala dzuwa linatuluka lofunda ngati lasochera dziko. Ndinavala chovala cha apongozi choyera cha njuchi, chija cha ukonde kumaso, miyendo ndinapinda katatu. Ndinayatsa kachitini kawo ka utsi. Nditachotsa chivundikiro, mayo ine! Uchi! Malesa omatidwa phula bwinobwino, olemera, bokosi lapamwamba lodzaza tho. Ndinayamba nyimbo pomwepo. Ndinati taonani mwana wa eni ake, matenda a bambo ake amuiwalitsa kukolola. Uchi ukhala pano, mvula ibwera, nyerere zilowa. Ndinati ndimuchitire chinthu mpongozi wanga, adzapeze ntchito yatha, adzadziwe kuti m'nyumba mwake muli mayi. Ndinafula bokosi lapamwamba lonse. Ndinatsikira lapansi n'kuchotsa malesa a m'mbali. Apakati, pamene panali ana a njuchi, ndinasiya, poti ndine munthu wachifundo. Ming'oma yonse iwiri. Zitatu zinandiluma pa akakolo, ndinangoseka. Katundu ndinatuta ndi kangolo kokankhira mapasa, maulendo anayi, ndikuimba msewu wonse.

Kunyumba ndinafinya malesa ndi manja monga timachitira kwathu, n'kusefa ndi nsalu yoyera. Khitchini yonse inamata, zitseko zinamata, ngakhale mapasa anamata. Mwana wanga atalowa anaima kaye.

"Amayi, muli shuwa kuti izi n'zololedwa?"

"Iwe, ine ndinayamba za uchi iwe usanabadwe."

Ananyambita chala n'kukwera kukagona.

Ndinadzaza mabotolo a jamu, a khofi, a mayonezi. Lamlungu ndinapita nawo ku mpingo wathu, umene umasonkhana mu holo ina ku Braunstone. Kumeneko kuli azimayi osamalira okalamba, onse ndi chifuwa chakunochi chosamva mankhwala. Ndinagawa. Ndinagawa ngati ndine mwini wa maluwa onse a mu Leicester. Anandivinira, ananditcha agogo a uchi. Mayi wina wa ku Zambia anandikumbatira mpaka duku linagwa: "Ambuya, mwatipulumutsa, chifuwa chenze chatipaya!" Apongozi ndinawasungira mabotolo awiri aakulu, ndipo ndinawaika pamwamba pa firiji, pomwe amaperekera moni, kuti asawaphonye.

Anabwera pakati pa Novembala, bambo awo atapezako bwino. Anaona mabotolo aja. Anaima. Ndi jekete yomwe sanavule, anatuluka kulunjika kudimba. Ine ndinatsatira chapatali, mano onse panja, kudikira kuyamikiridwa. Ndinawaona akugwira mng'oma kumbuyo ndi dzanja limodzi n'kuutukula pang'ono. Unanyamuka pepu ngati dengu lopanda kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Anakhala pa benchi, manja kumutu. Atazindikira kuti ndilipo anaimirira msanga, anayang'ana mpanda, n'kuti:

"Zikomo, amayi. Mwagwira ntchito."

Ndinabwerera kunyumba ndikuvina. Masiku atatu athunthu ndinayenda monyada, ine chitsiru chokalamba, ndipo m'nyumba monse munalibe wotsegula pakamwa!

Wondiuza zoona anali mayi wachizungu wa dimba loyandikana, wamkulu kuposa ine, wa majombo ndi chipewa chaubweya, amene amaitana aliyense kuti bakha wake monga amachitira anthu akuno. Nayenso anawetapo njuchi. Chizungu changa n'cha moni ndi cha m'basi, koma mayi uja amayankhula ndi thupi lonse. Analoza mitengo yopanda tsamba. Analoza maluwa ake ouma. Anawerenga zala zisanu, miyezi imeneyo. Anagwira mimba, analoza mng'oma, kenako anapendeketsa mutu, lilime panja. Ndinamva. Uchi uja sunali woiwalika, inali nkhokwe. Kuno maluwa amatha psiti, njuchi zimaunjikana m'kati, kufunditsana, kudya zimene zinasunga mpaka dzuwa libwerere. Ine ndinakokolola nkhokwe ya eni ake, ndikuimba!

Mwana wanga ndinamupeza akusita yunifomu.

"Iwe! Amuna ako anati chiyani tsiku lija? Unene onse, usameze."

Anaika simbi pansi. "Anati musatsegule. Anati uchi umene ulimo ndi wa winta."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Amayi, ndinali ndi sitiresi. Komanso inu mukanawafunsa nokha. Munali pa masitepe pomwepo mukumvetsera."

"Ndifunse apongozi? Wapenga?"

"Ndiye mwaonatu."

"Nanga iwo bwanji akuti zikomo?"

"Mumafuna akukalipireni? Inuyo?"

Pamenepo m'pamene panandiwawa. Munthu walakwiridwa, njuchi zake zili pa njala, ndipo akuthokoza! Ndikanakhala mwana akanandikoka khutu, nkhani n'kutha. Koma ndine apongozi, ndiye ndilandire zikomo m'mawa, zikomo madzulo, zikomo wolemera ngati mtondo pamutu.

Ndinaganiza zokatenganso mabotolo aja. Tangoganizani, munthu wamkulu kukalanda mphatso! Ndinayesa kwa mayi wa ku Zambia yekha, mwamanyazi, mozungulirazungulira. Anandionetsa botolo lake, lotsukatsuka, muli mchere.

Tsono zinatsala n'zodyetsa. Nyengo yachisanu kuno apongozi amachoka kusanache, amabwera dzuwa litalowa kalekale, ndipo njuchi zimaonedwa masana okha. Ntchito inagwera ine, wakuba yemwe. Uthenga unabweranso kudzera mwa mwana wanga, ali ndi nsapato imodzi kuphazi: "Akuti muzizipatsa shuga." Shuga! Ameneyo ndimamudziwa. Ndinakwera basi mpaka ku Spinney Hill, kumasitolo aang'ono kumene ndimagula therere ndi nsomba zouma. Ndinasankha wabulauni, weniweni, wonga wakwathu, osati woyera uja wopanda mphamvu. Ndinati zimene ndinazilanda ndizibwezere ndi chinthu chaulemu. Ndinasungunula m'madzi, ndinathira m'chigubu, ulendo kudimba.

Mayi wachizungu anandithamangira, majombo phwataphwata m'matope, n'kundilanda chigubu. Anagwiranso mimba, koma ulendo uno anachita phokoso limene sindingalilembe pano. Wabulauni amatsegula njuchi m'mimba! Ndipo zamadzimadzi kukazizira sizifunika, zimangonyowetsa mng'oma. Analowa m'shedi mwake n'kutulutsa chinthu choyera, chofewa ngati dongo loumbira. Amati fondanti, phala lolimba la shuga lija amamata pa keke ya ukwati. Njuchi kudya za pa keke! Ine ndi ukwati wanga womwe unalibe keke! Anandionetsa: kudula chibenthu, kuboola pulasitiki yake kunsi, kuchiika pa bowo la thabwa lapamwamba, kutseka msanga. Osasuzumirasuzumira, osaima kuimba nyimbo ya mavesi anayi.

Ndinauza mwana wanga kuti bwanji tingozitenga, tiziike pabalaza pafupi ndi hita.

"Amayi, landilodi atitulutsa tonse, ife, inu ndi njuchi zanuzo."

Zakhala zanga tsopano!

Ndiye Disembala, ndiye Januwale. Mlungu uliwonse ine panjira, majuzi atatu, masokosi awiri awiri, mphuno ikuchucha. Kufika, kutukula kumbuyo, kumva kulemera. Kugwada m'matope, khutu pa thabwa lozizira, kugogoda kamodzi. M'kati zikati vuuu, mtima pansi. Ndinkazikalipira moimba kuti zimve kukoma: idyani inu, idyani, ana a eni ake, keke ndi iyi, ukwati palibe, idyani musandichititse manyazi. Kwathu njuchi zinkandidyetsa ine. Kuno ndinasanduka wantchito wawo, wopanda ndi malipiro omwe.

Kumapeto kwa Januwale chisanu chinagwa cha milungu iwiri. Madzi mu mgolo anauma gwa, udzu unkathyoka poponda. Mwana wanga anati, "Akuti musamatsegule kukazizira." Ulendo uno ndinamvera. Ndinamvera kwambiri. Ndinkangoima patali n'kumayang'ana. Tsiku lofundako litafika ndinagwada pa mng'oma wa kumpanda, ndinagogoda. Zii. Ndinagogodanso. Zii. Nditatsegula, fondanti inalipo, theka lonse. Koma njuchi zinali zitasunthira mbali ina, kutalika kwa chikhatho changa chokha, ndipo chifukwa cha kuzizira sizinathe kuchoka pa mulu wawo kukafika pa chakudya. Zinafa mitu ili m'timabowo ta malesa opanda kanthu, zikufunafuna mpaka pansi. Ndinaziwola ndi manja. Tsiku limenelo sindinaimbe.

Apongozi atamva anaima pakhomo la khitchini, anayang'ana firiji, pansi pa mabotolo awiri aja amene palibe anawakhudza chiwaikireni.

"Zimachitika, amayi. Musadandaule. Zikomo poyesetsa."

Zikomonso! Ndinamutenga mwana wanga n'kumufinya ngati malesa mpaka mawu otsala atatuluka. Apongozi anali atanena kuti tisamazule malesa kukazizira, koma denga lokha likhoza kutukulidwa mwachangu, kuona ngati chakudya chili pamwamba pa njuchi, n'kuchisuntha. Mawu amenewo anatsalira pa masitepe. Mng'oma wathunthu unafa chifukwa cha theka la uthenga.

Loweruka anali pa ofu. Ndinawasiya apite kudimba, ndinadikira pang'ono, ndinatsatira. Ndinabwereka chipewa cha ukonde kwa mayi wachizungu. Ndinawapeza atavala chovala chawo, akukolopa mng'oma wakufa uja. Atamva mapazi anga anatembenukira kumpanda.

"Bambo."

"Amayi."

"Tembenukani. Mpandawo si apongozi anu."

Anatembenuka theka.

"Yense. Ine ndavala ukonde, inu mwavala ukonde, palibe akuona maso a mnzake. Ulemu uli pomwepo. Tsopano nenani, ndinalakwitsa kapena sindinalakwitse?"

"Amayi, inu mtima wanu unali wabwino."

"Sindinafunse za mtima. Mng'oma umodzi wapita ndi ulemu wanu ndi wanga. Watsalawu mukufuna uphedwe ndi zikomo?"

Amayi anga akanadzuka n'kundiona nditaima maso ndi maso ndi mkamwini, akanabwerera kumanda okha.

"Munalakwitsa, amayi."

"Sindikumva, chipewachi chatseka makutu."

"Munalakwitsa kwambiri! Zaka zitatu ndakhala ndikuzilera njuchi zimene zija! Malesa munafinya aja zimamanga chilimwe chonse, ife sitifinya, timazibwezera! Ndipo chovala changachi munachibweza chili ndi uchi m'matumba, mpaka lero magolovesi akumata!"

Ndinaimba nthungululu. Inatuluka yokha, yaitali, mpaka mayi wachizungu anagwetsa khasu lake. Apongozi anadzidzimuka ndi mawu awo omwe, anayamba kupepesa, ndinati ayi, ayi, musawononge, pitirizani.

Anapitiriza. Eee, munthu uja ali ndi mawu! Anandiuza zonse, mawu khumi n'kufika khumi. Anandionetsa kuyendetsa khutu pa thabwa kuti ndidziwe mbali imene zaunjikana. Anandionetsa kutukula denga, kusuntha fondanti ifike pamutu pawo, kutseka ndisanapume katatu. Anati ndisanyengedwe ndi dzuwa la Febuluwale ndi Malichi, pamenepo ndiye poopsa, chifukwa make wa njuchi amayamba kuikira, pakamwa pamachuluka, maluwa asanabwere. Anati tsiku limene ndidzaone njuchi ikulowa ndi mungu m'miyendo, ndidzadziwe kuti make ali moyo ndipo muli ana.

Tinatukula limodzi mng'oma wotsalawo, iwo uku ine uku. Wopepuka, koma ukulira.

Kuyambira pamenepo ndinkapita kawiri pa mlungu. Zinkadya ngati alendo a pamaliro. Chibenthu ndaika Lolemba, Lachisanu chatha. Ndinkadandaula njira yonse, kupita ndi kubwera: mawondo anga, msana wanga, dziko lanji ili loti ndi njuchi zomwe zimafuna wozisamalira ngati okalamba a ku Braunstone! Sinowo inagwa kamodzi n'kutseka kakhomo kawo, ndinakafukula ndi chala. Pakhomopo ndinkapeza zakufa ziwiri zitatu, koma ndikagogoda, vuuu. Funso likandipeza sindinkapitanso kwa mwana wanga. Ndinkalisunga mpaka Loweruka, ndivale ukonde, ndifunse mwini wake.

Linali tsiku la m'Malichi, chakumasana, mphepo itagona. Ndinafika ndi chibenthu changa m'thumba, ndikung'ung'udza monga mwa masiku onse. Ndisanagwade ndinaona pakhomo pa mng'oma pali piringupiringu. Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Inabwera imodzi, yolemedwa, inatera mophonya, inayenda. M'miyendo yakumbuyo timibulu tiwiri tachikasu, ngati mayi wochokera kuchigayo. Inalowa. Inabwera ina, chimodzimodzi. Ina. Ina!

Sindinavule ukonde. Ndinayenda nawo choncho msewu wonse wa ku Wigston, matope m'chitenje, ndikuimba, agalu akuuwa, anthu a pa siteji ya basi akundipatukira. Ndinalowa m'khitchini. Apongozi anali pomwepo ndi kapu ya tiyi, akukonzekera shifiti yamasana, mwana wanga ali patebulo. Atandiona anayamba kutembenukira kufiriji.

"Bambo, kuno. Zanyamula mungu."

Anaika kapu pansi. "Wachikasu?"

"Wachikasu, miyendo yonse iwiri. Ndawerenga mpaka zala zinatha."

Anandiyang'ana, iwo opanda ukonde, ndipo sindinagwe, denga silinagwe. Kenako anatambasula dzanja pamwamba pa firiji, anatsitsa botolo limodzi, analimbana ndi chitsekerero chomata mpaka chinatseguka. Anatenga masipuni awiri, imodzi n'kundipatsa ndi manja awiri.

Mwana wanga anatiyang'ana, uyu ndi uyu.

"Ndiye ine ntchito ya ukalaliki yandithera?"

"Yatha," ndinatero. "Unkaba mawu panjira."

Ndinakweza ukonde pang'ono, pongokwanira sipuni. Uchi wakuba, koma kukoma kwake!

"Amayi," anatero apongozi, sipuni ili m'kamwa, "fondanti ija mwaika?"

Inali m'thumba mwanga. Ndinabwerera kudimba, mawondo akulira, ndikuwadandaula iwo ndi njuchi zawo njira yonse.